Phunziro Lokanika la Mayi Choko

Ansembe andipempha kuti ndilembe mawu ochepa m'kalata ya parishi za mayi amene tinawaika m'manda mwezi watha. Mawu ochepa ine sindiwatha, nonse mukundidziwa, koma ndiyesa. Ndinaphunzitsa m'chipinda choyandikana ndi chawo zaka zambirimbiri, khoma lokha likutilekanitsa, ndiye zimene ndilembe pano si zakumva ayi. Dzina lawo la ubatizo ambiri mwalimva koyamba pa maliro. Kwa ife tonse anali Mayi Choko, chifukwa ngakhale pa Misa ya Lamulungu ankatambasula manja otuwa polandira Ukaristia. Kusamba ankasamba, koma choko chinali chitalowa m'ming'alu ya zala.

Anabadwa oyamba m'banja la ana ambiri. Bambo awo anali telala wosokera pakhonde la sitolo ya eni. Mayi awo atamwalira pobereka mwana wotsiriza, iwo anasiya sukulu kuti alere anzawo. Mng'ono wawo wandiuza kuti ana akamaweruka, achemwali akewo ankawachingamira pakhomo manja ali thovu lokhalokha, n'kumati, "Lero mwaphunzira chiyani? Ndigawireniko." Ana onse atasinkhuka, anabwerera kusukulu ali munthu wamkulu kale, nakhala pa benchi imodzi ndi tiana. Anasekedwa, koma mayeso anakhoza, napita kukaphunzira uphunzitsi.

Anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, munthu wansangala, amene anafa pa ngozi ana awo awiri akadali aang'ono. Sipanapite nthawi, tinangoona mayi ali pa bolodi. Titawauza kuti apumeko kaye, anati, "Ana a eniwa alakwanji?" M'mawa uliwonse ankayamba ndi Misa, Loweruka ankasesa m'tchalitchi, ndipo ambiri a inu katekisimu munamuphunzira pamapazi awo. Kalasi yoyamba, imene aphunzitsi ambiri timaithawa, iwo sanapemphepo kuisiya.

Mbiri yawo pa ntchito inali yaikulu. Akaloza pa bolodi ndi kamtengo, ana onse ankawerenga pamodzi mokweza, mpaka ine kuseri kwa khoma kumasowa poyankhulira. Alendo akabwera pasukulu, ahedi ankathamangira nawo kwa Mayi Choko.

Atatsala zaka zochepa kuti apume pa ntchito, aphunzitsi a masukulu osiyanasiyana anayambitsa gulu la pa foni lophunzitsana okhaokha. Palibe bwana anawatuma, ndipo ambiri sitinkadziwana nkhope. Munthu unkajambula vidiyo ya phunziro lako, n'kutumiza kuti anzako aone, anenepo maganizo. Cholinga chinali chabwino, koma tinene zoona, gululo linasanduka bwalo lotamandana. Aliyense ankatumiza phunziro limene ana analiyeserera dzulo lake, ndipo mayankho anali omwewo: "Mwaitha, aphunzitsi!" Mayi Choko analowamo mwana wawo wamwamuna atawagulira foni. Ndinawaphunzitsa potobwanya ndine, ndipo phunziro lawo loyamba ndinajambula ndine, nditaima pakhomo.

Mayamiko anagwa ngati mvula. Kenaka panabwera uthenga wa mtsikana wina amene pagulupo ankangodzitcha Mphunzitsi Watsopano, ife n'kumangoti Watsopano. Analemba kuti, "Pepani amayi, ine ndine mwana pa ntchitoyi, koma ndifunse nawo. Pamene kamtengo kanu kanalumpha mzere wachitatu, kalasi yonse inawerenga mzere umene munaulumphawo. Kamtsikana ka pazenera kakuwerenga bwinobwino maso ali panja. Kodi anawa akuwerenga, kapena analoweza?"

Kalanga ine, zimene zinatsatira! Wina anamufunsa kuti anabadwa liti. Wina anati mayiwa anayamba kugwira choko iye asanamere mano. Wina anamuuza kuti akayambe waphunzira mwambo asanaphunzitse ana a anthu. Dzuwa lisanafike pamutu mtsikana uja anali atatuluka m'gulumo. Zonsezi zinkachitika Mayi Choko foni atathimitsa, poti m'kalasi sankayatsa. Anaziwerenga pa nthawi yopuma, nabwerera m'kalasi. Musaganize kuti sizinawapweteke. Zinawapweteka zedi, ndinaona ndi maso angawa. Titaweruka sanapite kunyumba, anakakhala pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi nthawi yaitali.

M'mawa mwake anafufuta bolodi yonse, nayamba kuitana ana mmodzimmodzi pa tebulo lawo, aliyense awerenge payekha. Kuseri kwa khoma kunali zii, mpaka ndinaganiza kuti mwina adwala. Poweruka anaima pakhomo la kalasi yanga, misozi ili m'maso.

"Anzanga," anatero, "ana anga ambiri sadziwa kuwerenga. Zaka zonsezi ine ndakhala ndikuphunzitsa nyimbo. Nanga aja anadutsa kale m'manja mwangamu ali kuti?"

Kenaka anandipatsa foni kuti mawa lake ndijambulenso, koma ulendo uno ndijambule ana akudodoma, ndi iwo eni akusowa pogwira.

"Mayi, mukufuna kudzivula pagulu?" ndinawafunsa. "Anthu aja amakulemekezani."

"Kodi tikapita kokalapa timanena zimene tachita bwino?" anandiyankha choncho, ndipo ndinajambula.

Pansi pa vidiyoyo analemba mawu amene mpaka lero ali pamwamba pa gulu lathu: "Wakutsina khutu ndi mnansi. Mwana uja ananena zoona, inu mwamupirikitsa. Phunziro langa lenileni ndi ili. Ndithandizeni." Tsiku lonse palibe anayankha, manyazi atagwira aliyense. Kenaka bambo wina wophunzitsa kutali anafotokoza mmene iye amagawira ana m'timagulu, natumiza phunziro lakenso limene linamukanika. Pang'onopang'ono ena anatsatira. Kuyambira pamenepo mwambo wa gululo unakhala woti munthu atumize phunziro limene lamuvuta, osati limene lamukomera.

Sikuti onse anakondwa. Ahedi anaitanira Mayi Choko mu ofesi kuti achititsa manyazi sukulu, ndipo alendo anasiya kuwapititsa ku kalasi yawo. Makolo ena anadandaula kuti ana sakumvekanso kuwerenga ngati kale. Mayiwo sanadziteteze. Ankayesa njira iliyonse imene anzawo awalangiza, ina n'kutheka, ina n'kukanika, ndipo zokanikazo ankatumizanso.

Koma chimene chinkawadya mumtima chinali Watsopano. Tinamva kwa mnzathu wina wa m'gulumo kuti mtsikanayo ali pa sukulu yakutali, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, wopanda womuthandiza, ndipo chichitikire chipongwe chija ankanena zosiya uphunzitsi. Mayi Choko atamva anagwira pachifuwa. "Munthu wa maso otere akataya choko chifukwa cha ine, ndikamuyankha chiyani Mulungu?" Anamulembera payekha kumupepesa, osayankhidwa. Anayesa kuimba foni, osalandiridwa. Ndiye anayamba kumutumizira phunziro lililonse limene lawavuta, n'kumufunsa chimene waonamo. Foni inkasonyeza kuti watsegula, koma yankho ayi. Ine mtima wanga ndi waufupi, ndinawauza kuti amuleke, asadzitopetse ndi munthu wosafuna.

"Akutsegula," anatero. "Munthu amene wasiya ntchito satsegula phunziro la mnzake." Ndipo dzina la mtsikanayo, limene sankalidziwa n'komwe, ankaliika m'mapemphero awo a tsiku ndi tsiku ponena kuti mwana uja.

Atapuma pa ntchito sanapume. Anayendayenda kufunafuna amene anadutsa m'kalasi mwawo osadziwa kuwerenga. Anapeza wometa tsitsi, mlonda wa pachipatala, ndi mayi wina wa m'kwaya mwathu muno amene zaka zonse ankagwira buku la nyimbo mongodzikongoletsa. Aliyense anamupepesa pamaso, namuitanira m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi masana a Lachitatu. Ena anakana chifukwa cha manyazi, ena anabwera. Maphunziro amenewonso ankawajambula, eni ake atavomera, n'kutumiza pagulu ndi kwa Watsopano.

Chaka chino mtima unayamba kuwavuta, miyendo n'kutupa, mpaka anawagoneka m'chipatala. Ululu anaupirira osadandaula, korona wopempherera ali m'manja. Masana ena ndikuwapesa tsitsi, foni inalira pansi pa pilo. Inali vidiyo yochokera kwa Watsopano. Tinaona chipinda chodzaza, ana ena atakhala pansi, mphunzitsi wowonda akufunsa mafunso, ana osayankha, phokoso likukula. Pansi pake analemba kuti, "Amayi, sindinasiye, koma ndatsala pang'ono. Ndalakwitsa pati?"

Mayi Choko anaonera foni atayandikitsa kumaso, nabwerezanso. Ine ndinachita mantha. Ndinati, "Mayi, mwanayu ali m'mphepete mwa phompho. Ingomuuzani kuti wachita bwino, zinazo mudzamuuza mukachira."

"Ayi," anatero. "Iye sanandinamize."

Kulemba sakanatha, ndiye ndinawagwirira foni pakamwa, iwo akuyankhula mopumira. "Mwana wanga, zikomo kuti wandiyankha. Ana akowa amakukonda, ndaona mmene akukuyang'anira. Koma ukumafunsa funso n'kudziyankha wekha asanaganize n'komwe. Ukuopa chete. Funsa, tseka pakamwa, udikire. Ndipo usachoke, mwana wanga. Unanditsegula maso ine nkhalamba, ndiye ungalephere tiana?"

Madzulo ake ansembe anabwera kudzawadzoza, nalandira Ukaristia ali ndi nzeru zawo zonse. M'mawa kutacha anatsikira kuli chete, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja, nkhope ili phee ngati munthu amene wamaliza ntchito yake. Ambuye amene anawatumikira m'kalasi ndi m'tchalitchi awalandire, awapumitse pa kuwala kwawo. Kwa ife otsala mayiwa atisiyira chinthu chovuta kuchitsanzira: kulola kudzudzulidwa ndi wamng'ono, tsitsi litayera kale, n'kumuthokoza.

Maliro atatha, ana awo anandisiyira foni ija kuti ndiyankhe mauthenga a aphunzitsi. Ndili pakati poyankha, panalowa uthenga wa Watsopano, amene sanamve kanthu poti pagulu panalibe. "Amayi, ndinadikira monga munanenera. Ndinkaona ngati chaka. Kenaka mwana amene sanayankhulepo chiyambire teremu anakweza dzanja. Lolemba nditumiza phunziro lina."

Ndinamuimbira, ndipo ulendo uno analandira. Kanali koyamba kumva mawu ake akuyankhula nane, ndipo ndinayenera kumuuza kuti mayi aja kulibe. Analira nthawi yaitali, inenso ndikulira kuno. Atatonthola anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye la Lolembalo nditumize kwa yani?"

Ndinamuuza kuti atumize pagulu. Koma sindinamukakamize, chifukwa pagulupo akadalipo anthu omwe aja anamunyoza.

Lolemba masana analowanso m'gulumo, ndipo phunziro lake linafika pagulu. Linali ndi zolakwika zake, ndipo tinamuuza.