Mlimi wa ku Balaka Amene Anaphunzira Kutaya Madzi

Mu Januwale wa 2011, mvula itagwa osapumira kuyambira pa Khirisimasi, Mainesi anaima pakati pa dimba lake ku Midrand, kufupi ndi Joni, atagwira mpiru wakufa m'manja onse awiri. Masamba anali achikasu, mizu yakuda bii, ikununkha ngati nsanza yoiwalika m'ndowa. Anazula wina, chimodzimodzi. Anazula bonongwe, amene kwathu amamera yekha ngakhale padzala, nayenso anali atawola. Apo m'pamene anakhala pansi m'matope momwemo n'kuyamba kulira mokweza, osasamala kuti odutsa m'njira akumuona.

Inu amene mukuwerenga izi mtima uli wolefuka, mwina mukuti ndiwo zamasamba si chinthu choliritsa munthu wamkulu. Dikirani kaye mumve chimene chinali kuseri kwa mpiru umenewo.

Mainesi anafika ku Joni mu 2008 kutsatira mwamuna wake Mose, amene ankagwira ntchito yomanga nyumba. Mwana wawo Omega anamusiya ku Balaka kwa achibale. Chaka chotsatira Mose anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankamanga, n'kuthyoka chiuno. Anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo ziwiri, ndipo amene anamulemba ntchito aja anangosiya kuyankha foni. Lendi ya chipinda chimene ankakhala ku Hillbrow inawakanika.

Amene anawatola anali mayi Thandeka, mayi wamasiye wachizulu amene Mainesi ankawachapira zovala. Mayiwa anali ndi puloti yaikulu kunja kwa Midrand, kuseri kwake kuli kachipinda ka malata ndi malo ongomera udzu. Pangano linali losavuta: Mainesi alime ndiwo pamalopo, zokolola azigawana, ndipo m'chipindamo azikhala ulere. Chaka choyamba ndiwo zinakanika. Chachiwiri ndi chimenechi cha mpiru wowola.

Tsiku la mpiru lija, mayi Thandeka anamupeza Mainesi akadali m'matopemo. Sanakalipe, koma sanabisenso mawu.

"Sisi, mwana wanga akufuna kumanga marumu a lendi kuyambira apa mpaka pamene pali chipinda chanu. Ndamuletsa kawiri. Mvula ikubwerayi ndiwo zikakanikanso, ngeke, sindidzamuletsanso."

Mainesi anamva bwino lomwe. Dimba likafa, denga lapita. Ndipo munthu woyendera ndodo ziwiri ungapite naye kuti mu Joni muno, mmene ngakhale wamiyendo yabwino amagona panja?

Musaganize kuti Mainesi anali waulesi kapena wosadziwa khasu. Vuto lake linali lakuti anali mlimi wabwino kwambiri wa ku Balaka. Munthu wa kumeneko amakula akudziwa chinthu chimodzi: dontho la mvula likagwera m'munda mwako, usalilole kuthawa. Madzi otsukira mbale amathiridwa pa papaya, osambira amapita pa nthochi, ndipo mwana wotaya madzi pabwalo amalawa bango. Tsiku loyamba Mainesi anatapa dothi la pa pulotiyo n'kulifinya m'manja. Linali lofewa, la mchenga wosakanikirana ndi dothi lakuda, losamata zala. Anangoti m'mtima, ili ndi dothi la ludzu, ndikulidziwa.

Choncho analichitira zonse zimene zinkapulumutsa banja lawo kumudzi. Anaunda mizere yopingasa n'kuitseka kumapeto kuti madzi asatuluke. Anakumba timayenje tobzalamo. Anaphimba nthaka ndi udzu kuti chinyezi chisauluke. Masamba akayamba chikasu, iye ankati ludzu lakula, n'kuthamangira kheni kukathirira. Ankazipha ndi chikondi ndiwo zake, mayi wa anthu, tsiku ndi tsiku.

Choonadi chinatulukira mwangozi. Mvula itatha, Mainesi anakumba dzenje loti akwiriremo zowola zija kuti zisanduke manyowa. Pamwamba khasu linkalowa ngati m'ufa. Atafika cha m'mawondo dothi linasintha mtundu, linakhala lotuwa ngati phulusa, lili ndi madontho ofiira ngati dzimbiri, lozizira ndiponso lonunkha chithaphwi. Pansi pa limenelo khasu linayamba kudumpha pa dothi lolimba gwa, lodzaza miyala yaikulu ndi yaing'ono yosakanikirana. Anatopa n'kulisiya. M'mawa mwake anapeza dzenjelo lili ndi madzi, chikhalirecho kumwamba kunali kopanda ndi kamtambo komwe.

Nthawi imeneyo Mose anali atasiya kutuluka panja. Ankangokhala pabedi kuyang'ana khoma, manyazi odyetsedwa ndi mkazi akumudya kuposa ululu wa chiuno. Mainesi anamukoka ndi mawu mpaka anafika padzenjepo. Mose anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anagogoda pansi ndi ndodo yake.

"Eish, mayi a Omega, izi ndinkaziona pokumba maziko ku saiti. Pamwamba mchenga, pansi ngati simenti. Mvula imalowa msanga, ikafika apa imaima, ilibe kopita. Injiniya wina ankatiuza kuti kumaiko ozizira dothi lotere linasiyidwa ndi madzi oundana amene ankayenda akupera miyala. Lakunoli kaya linabwera ndi ndani."

"Kaya ndi ayisi kaya ndi ndani, landiphera ndiwo," anatero Mainesi. "Nanga titani?"

"Ngalande. Madziwa atuluke, apite kumunsi uko kuli bango."

Mainesi anamuyang'ana mwamuna wakeyo ngati watukwana m'tchalitchi. "Ine? Ndikumbe njira yotayira madzi ndi manja angawa? Amayi atamva kumudzi angati ku Joni ndapenga."

Mwina mukuseka, koma kwa iye sizinali zoseketsa. Anakumbukira chaka cha njala ali mtsikana, akuyenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu, chimanga chikuuma chili chiimire, mng'ono wake akulira ludzu. Kuvomereza ngalande kunali ngati kunena kuti zonse zimene mayi ake anamuphunzitsa zinali zabodza. Anakhala masiku angapo osafuna kumva za dimba. Koma m'mawa uliwonse ankakasuzumira m'dzenje muja, ndipo madzi ankamuyang'ananso. Pomaliza anazindikira kuti mayi ake sananame. Anamuphunzitsa zoona za dothi la ku Balaka, osati za lino.

Anayamba kukumba m'nyengo yozizira, udzu ukuyera ndi chisanu, zala zikung'ambika. Dothi lolimba lija silinkamva khasu, choncho anabwereka piki. Koma ngalande siingokumbidwa paliponse, imafuna kutsetsereka, ndipo pulotiyo pongoiona inkaoneka yafulati. Apa m'pamene Mose anadzuka. Anapempha paipi yaitali yoonekera mkati, imene amisiri amayezera makoma, n'kuidzaza madzi. Iye ankakhala pa kireti atagwira mbali imodzi, Mainesi akuyenda ndi mbali inayo, ndipo madzi a m'paipimo ankawauza pamene pali pokwera ndi potsika. Kwa nthawi yoyamba chigwereni, Mainesi anamva mwamuna wake akulamula ndi mawu a mmisiri, mpaka kumukalipira kuti wakhomera chikhomo pokhota. Sanakwiye. Anatembenuka n'kumwetulira yekha.

Miyala imene inkatuluka m'dothimo anaiyala pansi pa ngalande. Itachepa, Mainesi ankakankha wilibala kukapempha zidutswa za njerwa kumene ankamanga nyumba zatsopano. Dothi labwino la pamwamba analiunjika kukhala mabedi aatali ofika m'mawondo, kuti mizu ikhale pamwamba pa madzi obisala aja. Odutsa m'njira ankaima pa waya n'kufunsa moseka kuti mama wa ku Malawi akukonza manda a ndani ochuluka chonchi. Masiku ena msana unkakana, ndipo ankagona osadya chifukwa chotopa. M'mawa ankadzukanso.

Chimvula choyamba chinabwera mu Novembala, masana, ndi mabingu ake a ku Joni aja. Mainesi anatuluka mvula ikadagwa. Anaona madzi akutuluka m'mbali mwa mabedi, akusonkhana m'ngalande, akuthamanga kunka kubango. Madzi ochuluka, oti ku Balaka akanakhwimitsa munda wonse. Mtima unamupweteka kwambiri, ndipo manja anachita zawo asanaganize. Anatola fosholo n'kuponya dothi m'ngalandemo kuti atseke.

"Mayi a Omega!" anakuwa Mose ali pakhomo, atatsamira ndodo zake. "Asiyeni apite! Si anu amenewo!"

Mainesi anaima, fosholo ili m'manja, mvula ikumukwapula. Kenako anagwada n'kuchotsa dothi lija ndi zala zake. Analira pamenepo, ndipo iye mwini sankadziwa ngati akulirira madziwo kapena kwawo.

Chaka chimenecho mpiru sunachite chikasu. Nkhwani unayanga mpaka kukwera waya, chisoso ndi bonongwe zinachita kupikisana. Sikuti zonse zinayenda bwino, ayi. Matalala anaononga bedi la tomato, ndipo kumunsi kwenikweni kunakhalabe lowe, mpaka mayi Thandeka anabweretsa mbewu ya madumbe, amene ife timati koko, oti amakonda malo onyowa. Mbiri inayenda pakati pa Amalawi ndi Azimbabwe kuti ku Midrand kuli ndiwo zakumudzi, ndipo amayi ogulitsa ku Mayfair ndi ku Hillbrow anayamba kufika ndi matumba.

Koma mwana wa mayi Thandeka sanadikire kuti aone zonsezi. Loweruka lina m'mawa, chakumayambiriro kwa 2012, anafika pageti ndi lole yodzaza njerwa. Mainesi ataiona anadziwa kuti ndi njerwa za marumu aja. Sanafunse munthu. Analowa m'chipinda, anatsitsa katani, n'kuyamba kulonga zovala ndi mapoto m'zikwama.

Panja, mayi Thandeka anatuluka atavala gauni yawo yam'mawa. Anagwira mwana wawoyo padzanja ngati kamwana n'kupita naye kuseri. Kumeneko amayi ambiri anali atawerama m'mabedi, akuthyola ndiwo, akukangana za amene anafika poyamba. Mnyamatayo anayamba kufotokoza za marumu, koma mayi ake anamudula.

"Njerwa zakozo tsitsa kutsogolo, umange kumeneko. Lapha kuyalinywa. Kuno timalima."

Kenako anafika pachitseko cha kachipinda kaja n'kuona zikwama zitamangidwa.

"Hawu, sisi, ulendo wa kuti? Makasitomala akukudikira panja, iwe uli bize kulonga mapoto?"

Mainesi anamasula chikwama choyamba, n'kukwera pampando kukapachikanso katani ija. Mose anamugwirira mpandowo kuti usagwedezeke.

Pofika 2019, mabedi anali atadzaza kuseri konse kwa pulotiyo, ndipo eni mapuloti oyandikana ankabwera kudzatenga Mose pagalimoto kuti akawaonere pokumba ngalande. Chiuno chake sichinachire, ndipo Mainesi mpaka lero akaona madzi akuthamanga m'ngalande amayang'ana kumbali.

Inu amene mukulimbikira koma zinthu zikungofota, mwina si ulesi ndipo si tsoka. Mwina mukuchita bwinobwino zimene zinakupulumutsani kwina, pamalo pamene pakufuna zina. Zimapweteka kusiya njira imene inakulerani, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti n'zophweka. Lirani ngati misozi yabwera, koma mukatha, funsani malo amene mwaimapo kuti akufuna chiyani, ndipo muchite chimenecho ngakhale manja akukana. Mtima wokhawo musautaye.