Maliro Oyeserera Padoko

Anandiitana kuti ndikatsegule ndi pemphero. Kuno ku Nkhata Bay palibe chochitika chimene chimayamba wina asanatseke maso, ngakhale eni chochitikacho atakhala kuti anasiya kale njira ya kutchalitchi. Wodzanditenga anali mwana wa mkulu wa mpingo mnzanga, amene ndinamuphunzitsa katekisimu mamina ali m'mphuno. Tsopano anali kusukulu ya ukachenjede, akuchita digiri yachiwiri ya kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo anabwera ndi anzake a m'kalasi pa basi yawoyawo.

"Ada, mungotipempherera mwachidule," anatero, akunditchula bambo m'Chitonga. "Lero tikuyeserera ngozi ya boti padoko. Aphunzitsi athu abwera kudzatipatsa malikisi."

"Ngozi amayeserera?" ndinamufunsa.

"Ndi mmene timaphunzirira masiku ano, Ada."

Padoko ndinapeza anthu ovala majekete owala, aliyense udindo wake utalembedwa kumsana. Awiri ankalimbirana kuti wolamula ndani. Wina ankayankhula pa wailesi ya m'manja ndi mnzake amene anali pafupi moti akanatha kumugwira phewa. Anasonkhanitsa anyamata onyamula katundu ndi amayi ogulitsa nsomba, kuwalonjeza masikipa, nkuwapaka penti yofiira kumaso ndi m'miyendo. Mtsikana wina ankayenda pamzere akumangirira timapepala m'mikono: kobiriwira kwa wovulala pang'ono, kofiira kwa wovulala kwambiri, kakuda kwa womwalira. Sindinaonepo munthu akugawa moyo ndi imfa mopepuka chotero, chingamu chili m'kamwa. A timapepala takuda anawagoneka pambali nkuwafunditsa zitenje, mapazi okha akuoneka.

Ndinapemphera kuti Mwini nyanja atichitire chifundo. Nditangoti ameni wenzulo inalira, ndipo amayi aja anayamba kubuma maliro monga anawauzira.

Munthu wobadwira kuno sachita kufunsa tanthauzo la kulira kochokera kunyanja. Amasiya chimene wagwira nkuthamanga. Ophunzira athuwa anali atalembera makalata maofesi a paboma, koma ku Chikale ndi m'mapiri mozungulira sanauzeko munthu, dala. Ati ankafuna kuona mmene anthu wamba amachitira ngozi ikagwa. Anthu wambawo anatsika ndithu, ena opanda nsapato, ena ana ali kumsana.

Pakati pawo panali mlongo wanga wamkulu. Mwamuna wake anapita ndi mphepo ya mwera panyanja, ndipo mtembo unapezeka utaonongeka kale. Anatsala ndi mwana mmodzi, bambo wandevu zake, wonyamula katundu padoko pomwepo. Mlongo wangayo ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchipatala anatichenjeza kuti asamadzidzimutsidwe. Panjira wina anamuuza kuti waona mwana wake atamufunditsa nsalu. Ine sindinkadziwa kuti mwanayo ali pamzerewo. Mayi wake anamuzindikira ndi mapazi.

Anadutsa pansi pa chingwe chimene anatchinga, nkudzigwetsa pachifuwa cha mwanayo. Ankamutchula dzina la paubwana, akumugwedeza, akufunsa Mulungu m'Chitonga kuti nyanjayi idzakhuta liti. Mwanayo sanagwedezeke. Anali atawalamula kuti wakufa sasuntha kufikira wenzulo yachiwiri, apo ayi kalasi yonse itaya malikisi. Pambuyo pake anandiuza kuti ankaganiza kuti amayi ake nawonso awalemba ntchito yolira.

Ine ndinali kutsidya kwa khamu, ndikukankhana ndi anthu. Ndikuyandikira ndinamva mtsikana wa chingamu uja akuuza mnzake wa kamera:

"Amayi awa ndiye akudziwa kulira, osati enawa. Ajambule pafupi."

Wina wa jekete anawerama mwaulemu wonse: "Mayi, omwalira sitiwakhudza. Bwererani kuseri kwa chingwe."

Ndinakoka chitenje chija nkumugwira mwana wa mlongo wanga pakhosi pa malaya.

"Dzuka, chitsiru iwe! Ukupha mayi ako!"

"Asibweni, wenzulo sinalire," ananong'ona kwa ine malume ake, diso limodzi litatseguka.

Ndinamudzutsa ndi mphamvu. Mlongo wanga anaona wakufa akukhala tsonga, nkhope ili psuu. Kulira kunaduka. Anatsegula pakamwa koma sipanatuluke mawu, mlomo unakokekera kumbali, ndipo anagwa chammbali pamchenga.

Apa ndi pamene ndinaona digiri yachiwiri ikugwira ntchito. Akatswiriwo anayang'anana. Wolamula anaitana mnzake pa wailesi. Galimoto imene anabwereka inali itanyamuka kale ndi ovulala a penti. Mmodzi anafunsa aphunzitsi ngati mayiwa ali m'gulu la zoyeserera kapena ayi, wina nkumafunafuna m'thumba kuti awamangirire kapepala ka mtundu wanji. Ndinakumbukira anamwali aja a m'Baibulo onyamula nyali zopanda mafuta, kungoti awa nyali zawo zinali zodula. Tinamunyamula ife eni ake mpaka kumsewu, ndipo woyendetsa minibasi yopita ku Mzuzu anatsitsa anthu nkutithamangitsira kuchipatala.

Ambuye anamusunga. Koma dzanja lamanzere silinabwerere, ndipo mawu amatuluka olemera ngati ali ndi mwala pansi pa lilime. Ndiye ankayambitsa nyimbo pagulu la amayi a mpingo. Tsopano amangogwedeza mutu enawo akamaimba.

Mwana wa mnzanga uja anabwera kudzazonda, atanyamula shuga ndi buledi. Anakhala pampando, manja pamawondo, nkunena kuti pa zimene zinachitikazo aphunzirapo zambiri, makamaka pa nkhani yodziwitsa anthu. Anatinso aphunzitsi ayamikira kuti zoyesererazo zinaoneka ngati zenizeni. Ndinamuyang'ana kufikira anayamba kuyang'ana nsapato zake. Digiriyo anaitenga. Chithunzi chake ali mu mkanjo wakuda chili pakhoma kwa atate ake, ndipo ndikapitako pa ntchito za mpingo ndimasankha mpando wochifulatira.

Sindidana ndi maphunziro. Malemba nawonso amayamikira munthu amene anasunga tirigu m'zaka za dzinthu podziwa kuti njala ikudza. Mvula ikagumula mapiri athuwa ndimafuna patakhala anthu odziwa chochita. Koma munthu amene waphunzira tsoka mpaka osathanso kusiyanitsa kulira kwa mayi ndi sewero, ameneyo sindidziwa kuti amuphunzitsa chiyani. Ndapempha Mulungu kambirimbiri kuti andichotsere kunyoza mumtima. Ndikaona jekete lowala, kumabwerera.

Mwana wa mlongo wanga anasiya kugona masana. Akabwera kudoko atatopa nkugona pamkeka, mayi ake amadzikoka ndi ndodo kufika pomwe ali, nkumamugwedeza ndi dzanja lamoyo lija mpaka ayankhe. Akati "Ama, ndili maso," amamusiya. Pakapita kanthawi amabweranso.