Mathanki Atatu, Ndowa Imodzi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, namwino amene boma linawatumiza ku Rumphi kuchokera kwathu ku Ntcheu. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala pakhomo pawo, mpaka tsiku lina anandiuza kuti a Mhango, mphunzitsi wopuma wa kutchalitchi kwawo, akufuna mtsikana wosamala zinthu. Ine ndinkaganiza zochapa ndi kukolopa. Nditafika, a Mhango anandilowetsa pabalaza n'kundionetsa mathanki atatu agalasi. M'katimo munali tizilombo ta m'madzi tofanana ndi nkhanu koma tating'ono ngati ngumbi, tina tofiira, tina tachikasu, tina tabuluu. Iwo ankati mashirimpi, ine ndinkangoti tinkhanu. Mwana wawo ndiye anawabweretsera kuchokera ku Joni, koma maso awo anali atayamba kufooka moti ana a tinkhanuto sankawaonanso bwino.

"Mtundu uliwonse m'thanki yake," anatero. "Kofiira kakakwerana ndi kabuluu, ana ake amabadwa akhaki ngati matope. Mtundu ukatayika subweranso, wamva?"

Ntchito yake inali yosautsa kuposa kulera khanda. Madzi a pampopi ndinkayamba ndawagoneka m'ndowa kuti mankhwala ake achoke. Zinyalala za pansi pa thanki ndinkazikoka ndi kapaipi, kukamwa kwake nditamangako kansalu ka neti kuti ana asapitire limodzi. Siponji yosefera madzi ndinkaifinyira m'madzi ochoka m'thanki momwemo, osati pampopi. Magetsi akazima, ndinkasiya chilichonse n'kuthamangira kukalumikiza kapampu ka mabatire kopopera mpweya. Chakudya chake chinali nkhwani wowiritsa pang'ono wopanda mchere. Thanki iliyonse inali ndi ndowa yake ndi kaukonde kake, ndipo sopo kapena mankhwala opopera udzudzu sizinkaloledwa kuyandikira. Anzanga ankandiseka kuti ndine namwino wa ndiwo zosadyedwa, koma ntchitoyo inandilowa m'magazi. Ndikaona kakakazi katanyamula mazira kunsi kwa mimba, ndinkasangalala ngati mbuzi yanga yatenga bere.

Kenako akazi awo a Mhango, amama Nyachirwa, anamwalira kuchipatala ku Mzuzu. A Mhango anali komweko. M'mawa mwake anthu anayamba kudzaza pakhomo, ndipo akulu awo a Mhango anafika kuchokera ku Mwazisi kudzayendetsa zonse. Pamaliro balaza limasesedwa lonse: mipando, matebulo, makabati, zonse panja, kuti amayi ayale mphasa mozungulira bokosi. Mkuluyo analoza mathanki aja.

"Iwe mwana, magalasi awa atuluke luwiro. Thupi lifika masana."

"Adada, odzaza madzi sanyamulika, amasweka. Ndiloleni ndisamutse kaye tinkhanuti, mtundu uliwonse m'ndowa yake."

Ndinathamangira kuseri, koma ndowa zanga kunalibe. Pamaliro chilichonse chotunga madzi chimakhala cha aliyense. Imodzi ndinaipeza yodzaza thovu, akutsukiramo mbale. Ina anali ataviikamo nyemba. Mabeseni ndi miphika zonse zinali pamoto kapena pamutu pa munthu. Inatsala ndowa imodzi yokha, ya tabuluu, imene inali kuseri kwa chitseko.

Ndinabwerera kwa mkulu uja n'kugwada. Ndinapempha kuti mathankiwo akhale pakona, tiwafunditse nsalu.

"Yayi," anayankha. "Mlamu wanga ali kumochale, iwe ukundiuza za tizilombo? Walakwa chomene. Thira zonse mmenemo."

Foni inali m'dzanja langa. Koma munthu amene akugula bokosi la mkazi wake ungamuimbire kumufunsa za tinkhanu? Ndinaiyang'ana n'kuibweza m'thumba. Amuna awiri anali atayamba kale kukapa madzi ndi makapu n'kumataya pawindo, ndipo ndinaona kuti ndikachedwa atayira limodzi ndi ana omwe. Ndinatenga kaukonde ndi dzanja langa lomwe n'kuwola tofiira, tachikasu ndi tabuluu, tonse m'ndowa imodzi. Ndinkalira, ndipo amayi ena ankandisisita pamsana poganiza kuti ndikulira maliro okha. Amama Nyachirwa ndinkawakonda, koma nthawi imeneyo mtima unali utadzaza mkwiyo.

Ndowayo ndinaibisa kuchipinda kwanga, n'kuikamo kapampu ka mabatire. Inakhala mmenemo mpaka anthu atabalalika, chifukwa pabalaza pankagonabe achibale. Nditadzazanso mathanki, ndinayamba kusankha kamodzikamodzi. Tatikulutikulu sitinavute. Vuto linali ana, oyera ngati madzi, osadziwika kuti ndi a mtundu uti. Msana unkawawa, maso ankatuluka misozi, koma ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwina ndapulumutsa.

Sindinapulumutse kanthu. Miyezi itapita, ana atsopano anakula ali akhaki m'mathanki onse atatu. Ndinkawachotsa, ena n'kubadwanso. A Mhango sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kukalipa. Tsiku lina anakhala nthawi yaitali nkhope ili pafupi ndi galasi, kenako anandifunsa kuti kwatsala tofiira tingati teniteni. Ndinawauza zoona, kuti ndi tokalamba tokha.

"Basi, mwana wanga, usadzivutenso. Thira zonse m'thanki imodzi. Imodziyo ndingathe ndekha. Yewo chomene, wagwira ntchito."

Mwezi utatha ndinalongedza chikwama changa.

Lero ndimagwira ntchito pamalo oswetsa ana a nsomba, ndipo anzanga amati ndimalongolola. Ndimavomera. Panyumba paja chifukwa cha lamulo lija tinkachidziwa anthu awiri okha, ndipo tsiku limene chinafunika, mmodzi anali ndi maliro, winayo anali wantchito wosamveredwa. N'chifukwa chake aliyense wofika pafupi ndi madamu athu, kaya ndi mlonda, kaya ndi mbale wa abwana, ndimamufotokozera chimene timapatulira mitundu, ngakhale asanafunse. Ena amanyansidwa, koma ine kulira nditagwira kaukonde m'manja sindikufunanso.