Chilimwe Chimene Anasudzula Agogo

Fungo la utomoni wa mango aawisi mpaka lero limandibwezera pabwalo la kwathu ku Chikweo, m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuluma pakhosi. Ndinkachokera kuchitsime ndowa ili pamutu pamene ndinamva nkhwangwa ikulira kuseri kwa nyumba ya agogo. Nditafika ndinapeza mtengo wa mango waukulu, umene atsikana tinkasewera phada pansi pake, uli gone, timango tating'ono tili mbwee pafumbi. Agogo anga aamuna, Che Sumaili, anali atayamba kale wachiwiri, malaya atavula, nthiti zili pamtunda, akutema ngati munthu wolimbana ndi chilombo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinali ndisanawaonepo akukwezera dzanja ngakhale nkhuku.

Agogowo anali mkamwini m'mudzi mwathu. Anachokera kufupi ndi Balaka akali mnyamata, akuyenda m'misika kugulitsa ndowa ndi zikoloboyi zokhoma okha, mpaka anakumana ndi anganga, Abiti Saidi, amayi awo a mayi anga. Anakwatira, n'kukhala kwa mkazi monga mwa mwambo wathu, zaka zoposa makumi anayi. Ndimawakumbukira ali pakhonde, kachidutswa ka njanji kali pakati pa miyendo, akukhoma malata, anganga ali pambali akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Ankakangana tsiku lonse pa zinthu zopanda mutu, anganga m'Chiyao, agogo m'Chichewa, aliyense osafuna kulowa m'chilankhulo cha mnzake, ndipo fungo la chinangwa chovunditsa linkasakanikirana ndi la chitsulo chotentha. Ife ana tikamapita kokatola nkhuni tinkadziwa njira yobwerera pomvera nyundo yawo.

Anganga anadwala chibayo mphepo ya Ogasiti ikuwomba, ndipo anangogona masiku anayi. Pamaliro agogo sanagwetse msozi. Amuna anawayamikira kuti ndi olimba mtima, ashehe n'kuwakumbutsa kuti wokhulupirira amapirira, ndipo akuluakulu anabwereza mawu awo aja oti misozi ya mwamuna imagwera m'mimba. Anthu atabalalika, nyundo inayambanso kulira, koma mayi anali oyamba kuona kuti pachitsulopo panalibe lata lililonse. Agogo ankangomenya njanji yokhayokha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chakudya tikawapatsa ankachigawa pawiri, gawo linalo n'kulivindikira. Tonse tinkaona, koma panalibe amene anakhala nawo pansi. Dzina la anganga tinkalizemba pamaso pawo poganiza kuti tikuwachitira chifundo.

Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, Che Bwanali, mlongo wawo wa anganga amenenso anali mwini mbumba, anaitanitsa banja pansi pa mango omwewo. Sanali munthu woipa mtima. Anali ndi mdzukulu wongokwatiwa kumene amene ankasowa munda, ndipo mwambo unali kumbali yawo: mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Anayankhula mwaulemu, maso ali pansi.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, tilibe nanu mlandu. Tsopano takumasulani. Kwanu akukudikirani."

Agogo anayang'ana nkhope zathu imodziimodzi, kenako anafunsa kuti, "Kwathu kuti?" M'mawa mwake ndi pamene anatenga nkhwangwa, poti mitengo yonse ya pabwalopo anadzala ndi iwo.

Ine ndinali woyamba kuwafikira. Ndinatula ndowa, n'kuwagwira mkono ndikuitana kuti agogo, agogo. Anatembenuka ndi maso amene sanandidziwe, ndipo mpini wa nkhwangwa unandipeza paphewa. Ndinamva fupa likuti phwa, n'kugubuduza ndowa ija, n'kugwera m'matope a madzi anga omwe. Kukuwa kwanga kunaitana mudzi wonse. Amuna anayi anawazungulira, bambo anga ali pakati pawo, koma nkhalamba yowonda ija inali ndi mphamvu zimene palibe ankaziyembekeza. Inang'amba mnyamata wina tsaya ndi chigongono, inaluma bambo padzanja mpaka magazi kuyenderera, ndipo inagwa pokhapokha wina ataimenya ndi munsi pamsana. Anaikhalira pamwamba, nkhope ili m'fumbi, Che Bwanali n'kuponya chingwe cha khonje kwa bambo anga, amenenso anali mkamwini, kuwalamula kuti amange apongozi awo. Bambo anamanga.

Masiku asanu agogo anakhala omangidwa pamzati wa khonde lawo lomwe. Ankakoka chingwe mpaka chinadya khungu la m'manja, ankamenyetsa mutu pamzati, ankatukwana mawu amene sindinkadziwa kuti ali m'kamwa mwawo, kenako n'kukhala duu, ntchentche zikuyenda pamilomo. Ana anzanga anasiya fulaye n'kumabwera kudzawagenda ndi timango tija kuti awaone akudzuka. Akuluakulu ankakambirana chapansipansi: ena ankati ndi majini, ena ankati analodzedwa, ena ankanong'ona kuti mwina ndi iwo anadya mkazi wawo ndiye mzimu ukuwabwezera. Anawamwetsa mokakamiza madzi opemphereredwa, atawatsina mphuno. Wina anatchula za chipatala cha odwala misala ku Zomba, koma Che Bwanali anati wamisala ali ndi eni ake, apite kwa abale ake akamuone. Pa anthu onsewo sindinamve ngakhale mmodzi akunena kuti munthuyu waferedwa.

Bambo ndi amene anawaperekeza, wapansi mpaka pamsewu, kenako pa basi yodutsa ku Liwonde. Anabwerako patapita masiku awiri, ndipo ndinawamva akuuza mayi kuti ku Balaka anapeza adzukulu a mlongo wawo wa agogo amene anali asanawaonepo chibadwire. Pamene panali nyumba ya amayi awo a agogo panali munda wa thonje. Adzukuluwo anawalandira chifukwa cha manyazi, n'kuwapatsa kachisakasa kosungiramo makasu. Mayi ankandimanga phewa ndi nsalu, ndipo anakoka mfundo mwamphamvu mpaka ndinalira.

Patatha masabata awiri, masana dzuwa lili paliwombo, bambo wina wogulitsa nsomba za ku Chiuta analowa m'mudzi akukankha njinga. Pakaliyala, pamene pamakhala dengu, panali agogo, atawamangirira ndi malegeni kuti asagwe. Anali atathawa ku Balaka n'kuyamba wapansi ulendo wobwerera, osavala nsapato, kuwoloka Shire, kugona m'makonde a anthu. Anali masiku a chipani chimodzi, pamene anyamata ankaima pazipata za misika kufunsa makadi a chipanicho. Pamsika wina wa m'njira anawaimitsa. Agogo anati alibe nthawi, mkazi wawo akuwadikira, ndipo mmodzi atawagwira malaya anamusasa ndi ndodo. Wansombayo anati anawamenya anyamata asanu ndi mmodzi, ndi zibonga ndi zidendene, anthu akugula tomato chapafupi osatembenuka. Iye anadikira mpaka atachoka, n'kuwatola m'ngalande, poti ankawadziwa kuti ndi wokhoma ndowa wa kwathu. Anafotokoza zimenezi motsitsa mawu, anakana ngakhale madzi akumwa, n'kubwerera. Masiku amenewo dandaulo lotere linkathera kummero.

Diso limodzi la agogo linali litatsekeka, mano akutsogolo atachoka, mapazi ali zilonda zokhazokha, ndipo akapuma m'chifuwa munkalira ngati madzi owira. Che Bwanali anafika anthu atadzaza kale, n'kuyamba kunena zoti atumize uthenga ku Balaka. Mayi anga, amene moyo wawo wonse ankayankhula ndi amalume awo atagwada, tsiku limenelo anayankhula ali chilili.

"Amalume, mwambo munaukwaniritsa, mkamwini wanu munamusudzula. Awa abwerawa ndi bambo anga. Alowa m'nyumba mwanga, ndipo wofuna kuwamanganso ayambe wamanga ine."

Anawanyamula pamphasa kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha kufupi. Wachipatala anawapima, anatipatsa mapiritsi ochepetsa ululu, n'kunena moona mtima kuti nthiti zathyokera mkati ndipo pa msinkhu wawo ulendo wautali wopita kuchipatala chachikulu ukhoza kuwathera m'njira. Agogo anagwira chitenje cha mayi osachisiya. Mayi anamvetsa, ndipo tinabwerera nawo kunyumba.

Masabata atatu otsatirawo ndi amene anandiphunzitsa ntchito ya manja imene sukulu sinandiphunzitse. Mayi anawayalira pakhomo pomwe panali kamphepo, pamphasa ziwiri ndi matumba ofewa. Ankawatembenuza m'mawa, masana ndi madzulo kuti msana usachite zilonda, ankatsuka mapazi ndi madzi ofunda othira mchere, ankasefa phala mpaka likhale ngati madzi n'kumawadonthezera ndi supuni. Nyumba yonse inkanunkha mafinya, utsi ndi sopo wochapira. Ine ndi dzanja langa limodzi labwino ndinkaingitsa ntchentche ndi nthambi ya bulugamu ndi kunyowetsa milomo yawo ndi kansalu. Poyamba ndinkaopa, ndinkakhala patali poti mkono wawo usandifikire. Ukali unali usanathe: tsiku lina anaponya mbale ya phala n'kutema mayi pachipumi, tsiku lina anawakanda pakhosi powasambitsa. Mayi ankapukuta magazi, n'kukhalanso pomwepo. Chingwe sichinalowe m'nyumba mwathu.

Zinasintha masana ena kukutentha kwambiri, mitambo ikusonkhana chakum'mawa. Agogo anayang'ana mayi n'kuwaitana ndi dzina la anganga, kuwadzudzula kuti achedwa kumunda. Ndinkayembekeza kuti mayi awawongola monga tinkachitira tonse. M'malo mwake anawayankha m'Chiyao, ndi kamawu kokalipa ka anganga komwe, kenako anawagwira dzanja n'kunena m'Chichewa kuti, "Bambo, amayi anapita. Ndiuzeni, munawaona koyamba kuti?" Agogo anayamba kufotokoza za mtsikana amene anabweza ndowa katatu pamsika ponena kuti ikudontha, pamene sinkadontha. Sanamalize. Kulira kumene kunatuluka m'chifuwa chothyoka chija sindinakumvenso kwa munthu wina aliyense. Kunali ngati ng'ombe ikuphedwa, ndipo kupuma kulikonse kunkabwera ndi magazi pamilomo. Anthu anathamangira pakhomo poganiza kuti amwalira. Mayi anawabweza ndi dzanja, n'kuwasiya agogo alire mpaka anatopa.

Kuyambira pamenepo sanamenyenso munthu. Nzeru zinkabwera n'kupita, koma zikabwera ankafuna nkhani za anganga zokhazokha, ndipo ife tinkawapatsa. Tsiku lina anaona nsalu ya paphewa langa n'kufunsa amene anandipweteka. Ndinati ndinagwa mumtengo. Anandiyang'ana ndi diso lawo limodzi lija, n'kutembenukira kukhoma, ndipo ndinadziwa kuti sanandikhulupirire.

Che Bwanali anabwera mvula yoyamba itagwa, nthaka ikununkhira, anthu akuthamangira kukadzala. Anaima pakhomo nthawi yaitali asanavule nsapato. Atakhala pansi, nkhalamba ziwirizo zinangoyang'anana, anthu amene anakumba limodzi manda ambiri ndi kudya m'mbale imodzi pa maukwati osawerengeka. Agogo anati, "Alamu, mundiike kuno." Che Bwanali anagwedeza mutu movomera. Anakhala mpaka madzulo akuwaingitsira ntchentche ndi nthambi yanga. Agogo anamwalira patapita masiku awiri, m'mawa, mutu uli pamiyendo ya mayi, ndipo anaikidwa kumanda a mudzi wathu. A ku Balaka anabwera awiri okha.

Ndakula ndikumva anthu akunena kuti kale maliro ankakhala ndi ulemu, kuti mudzi unkadziwa kusunga oferedwa. Zina n'zoona, tinkadziwa kuphika, kukumba, kugona pa siwa, kupemphera. Koma chisoni cha munthu wokalamba sitinkachidziwa nkhope. Chikabwera ndi misozi tinkachiletsa, chikabwera ndi ukali tinkachitcha misala n'kuchimenya. Lero kuli anamwino oyendera odwala m'makomo, kuli mawu otchulira matenda a maganizo amene ife tinalibe, ndipo ndimayamika. Komabe chimene mayi anachita sichinafune mankhwala: anafunsa funso limodzi, n'kukhala pansi kumvera yankho.

Mayi anamwalira ine ndili kale ndi zidzukulu. Tsiku lotsatira sadaka yawo ndinapeza bambo atakhala pakhonde, atavala jekete lawo la ulendo, kachikwama kali pamiyendo. Panalibe amene anawauza kanthu. Che Bwanali anali atapita kalekale, ndipo mwini mbumba tsopano anali mlongo wanga. Atandiona anafunsa mwaulemu ngati mlendo kuti, "Amama, ndinyamuke liti?" Ndinawalanda kachikwamako, n'kukamasula m'nyumba. Munali malaya awiri, lumo ndi mpango wa mayi. Nditatuluka ndinakhala pambali pawo n'kuwapempha kuti andiuze za mkazi wawo, ndipo anayankhula mpaka mbuzi zinabwera zokha kukhola.