Thanki yomwe anati inamira

Ndinayamba kudandaula za nkhaniyi pa tsiku losesa maliro a amayi, ndipo kalata iliyonse yomwe ndalembera akubanja kuyambira pamenepo ndinasunga inzake. Koma nkhaniyo inayamba kale, ndili mu Sitandade 4, ndi fungo la petulo lomwe linalowa pakhomo pathu m'nyengo yachisanu, titangotha kututa chimanga. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Kasina, tinkadziwa fungo la palafini ndi la utsi wa zitsononkho. Petulo anali mlendo. Anabwera ndi amalume a Lenadi, mlongo wa amayi, m'kathanki kofiira komwe anakamanga kumbuyo kwa njinga.

Amalume anali ndi boti la injini kunyanja, cha ku Mtakataka, kumunsi kwa mapiri. Vuto lawo linali kathankiko. Kanali katachita dzimbiri, ndiponso mafuta ankatha asanafike kutali kumene utaka unkapezeka, moti anzawo ankawasiya m'mbuyo. Abambo anga, a Bonifasi, anali mmisiri wokhoma zidebe. Ankapanga ndowa, makeni othirira kudimba ndi mbaula, n'kukagulitsa ku Linthipe. Anali mkamwini wochokera ku Chongoni, ndipo nyanja anali asanaionepo.

"Alamu, mundipangire yaikulu, yoti ndikapita ndizikaiwala kwathu," anatero amalume akuwotha manja pambaula.

"Ikadontha mudzandimete ndevu," anayankha abambo, onse n'kuseka.

Amalume anasiya kathankiko ndi kachingwe komanga mfundo kosonyeza kukula kwa malo a m'botimo, ndipo anatsika m'mawa mwake.

Nyengo yonseyo pakhomo pathu panali pa thankiyo. M'mawa nkhungu inkaphimba phiri, udzu utayera ndi chisanu, ndipo ndinkadzuka ndi kulira kwa hamala kuseri kwa nkhokwe. Abambo anayamba ndi kutsuka kathanki kakale ndi phulusa ndi madzi a sopo, n'kukayanika padenga masiku angapo, poopa kuti kangaphulike pafupi ndi moto. Kenako anadulako kampopi kolumikizira paipi ya injini kuti akaike pa thanki yatsopano. Lata anagula lolimba, losati la ndowa. Ankalipinda pa chidutswa cha njanji, n'kumata m'mphepete ndi mtovu wosungunula ndi chitsulo chowotcha pamakala. Utsi wake unkaluma m'maso. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pambali pawo, zala zitauma, ndikudya mbatata ya kachewere yomwe tinkakwirira m'phulusa la mbaula yomweyo.

Chitsekero cha kathanki kakale chinali ndi kanati kakang'ono pamwamba, kolobodoka. Abambo anakapotoza, anakanunkhiza, n'kupukusa mutu. Kwa munthu wa ndowa, paliponse potuluka mpweya m'podontha. Anachitaya, n'kupeza chitsekero cha diramu, n'kuchiikira mphira wodula ku chubu cha njinga. Atatha anadzaza thankiyo madzi, anaitseka, anaizondotsa pamwamba pa phulusa louma, n'kuisiya mpaka kutacha. Phulusalo silinanyowe ngakhale kadontho. Anaitana amayi kuti adzaone, anaitananso anthu odutsa. Ataiumitsa padzuwa anaipaka utoto wobiriwira wotsala ku zitseko za tchalitchi chathu chaching'ono, ndipo inatsika pa lole ya kabichi.

Sipanapite nthawi, amalume anakwera okha, opanda njinga, maso ali psuu. Anati injini inayenda bwino poyamba, kenako inatsamwa n'kuzima ali pakati pa nyanja, mwera ukukuntha. Anagona pamadzi, khoka linatayika, ndipo mnyamata mmodzi anatsala pang'ono kumira. Zimenezo zinali zoona. Koma ankhoswe atakhala pansi pakhonde pathu, amalume anawonjezera kuti abambo anachita dala chifukwa cha nsanje, ndipo m'thankimo anaikamo zinthu.

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, pamene panali zidutswa za lata lija. Ndinamva abambo akupempha mofatsa.

"Bweretsani thankiyo, alamu, tiione tonse."

"Ndiibweretse kuti itimalize? Ndinaiponya m'nyanja. Inamira."

Panalibenso choti n'kuona. Mkamwini yemwe akuti anafuna kupha mwini mbumba sangagonenso pamudzi. Abambo anamanga hamala, sizasi yodulira malata ndi bulangete m'thumba, koma chidutswa cha njanji chinawalemera, anachisiya. Ana anatigwira kumutu mmodzimmodzi, n'kulowa njira ya ku Chongoni nkhungu isanachoke. Amayi anaima pakhomo atafunda nsalu mpaka kukamwa. Dimba la m'mbali mwa mtsinje, lomwe abambo analikumbira ngalande ndi manja awo, linali ndi kachewere wongoyamba maluwa. Amalume anati aziliyang'anira okha.

Kusukulu anzanga anayamba kunditcha mwana wa wopha anthu. Ku Misa tinkakhala kumbuyo. Sukulu itatsekera, amalume ananditenga kuti ndizikawathandiza kuyanika nsomba, poti pakhomo panalibenso wogula sopo. Tinatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, makutu akutsekeka, ndipo pofika kumunsi juzi yanga inali itandilemera ndi thukuta.

Tsiku lina m'mawa, dzuwa litakwera, anandituma kukatunga madzi otsala m'boti. Kumbuyo, pansi pa thabwa lokhalapo woyendetsa, panali thanki yopakidwa utoto wakuda. Pakona utotowo unali utasupuka, ndipo pansi pake panali pobiriwira. Ndinayendetsa chala m'mphepete mwake. Mizere ya mtovu ndinaidziwa, pakuti inamatidwa ndikuona. Pakati pa chitsekero cha diramu panali kabowo ka msomali.

Mmodzi wa alovi, anyamata okoka khoka, dzina lake Dyson, anandipeza nditagwada pamenepo.

"Ukuyang'ana chiyani, iwe wa kuchisanu? Sunaonepo thanki?"

"Kabowoka n'ka chiyani?"

"Kopumira. Thanki ikapanda kupuma, mafuta satsika, injini imazima. Mmisiri wanu wakumtunda anaitseka ngati chipanda cha mowa. Titafika pagombe ulendo uja tinagona pamadzi, abwana anangotenga msomali, kho, basi. Ilibe vuto iyi, timafika nayo kumene ena safika."

Ndinathamanga pamchenga wotentha mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe. Ndinkaganiza kuti ndapeza chinthu chomwe akuluakulu onse anachiphonya, ndipo akangomva atumiza munthu ku Chongoni. Amalume ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Ndinawauza zonse ndikupuma mwawefuwefu. Sanakweze mutu.

"Wadya?" anafunsa. "Pita ukatembenuze utaka pathandala."

Nditabwerera kumudzi ndinauza amayi. Anayang'ana kunja kaye, kenako anati, "Usadzanenenso. Munda womwe tikudya ndi wa achimwene." Kachewere wa kudimba anali atakumbidwa kale n'kupita ku Linthipe. Mvula yoyamba inagwa abambo kulibe, ndipo sanabwererenso. M'buku la ku mishoni ukwati wawo unakhalabe wosathetsedwa mpaka onse awiri anamwalira, wina kuno, wina uko.

Ndili mwana ndinkayesa kuti abambo anachotsedwa chifukwa anthu sankadziwa chomwe chinazimitsa injini. Lero ndikudziwa kuti amalume anakwera phiri lija msomali atakhoma kale. Abambo analakwitsa ndithu, monga angalakwitsire munthu yemwe sanaonepo boti, ndipo akanawauza akanapepesa, mwinanso kugwira ntchito yolipira khokalo. Koma kulakwitsa kwa mmisiri sikuchotsa munthu pamudzi, pamene dzina la mfiti limachotsa, dimba n'kutsala.

Ndamva kuti ana a amalume akukonza zovundukula chiliza cha bambo awo, ndipo andiitana. Ndidzabwera. Sindikufuna dimba, ndiponso sindikufuna chipepeso cha mbuzi. Ndikupempha mwaulemu kuti pamwambowo, pamaso pa mbumba yathu ndi akubanja la ku Chongoni, wamkulu wa banja aimirire anene kuti a Bonifasi sanafune kupha munthu. Ngati pali chifukwa chokanira, chinenedwe, ndipo nkhaniyi iyankhidwe molemba tsikulo lisanafike.