Nkhadze za a Jailosi

Ndikakumbukira agogo anga a Nachisale, ndimamva fungo la ufa wosauma bwino, uja wowawasa wotsala pang'ono kuchita chuku. Ndinakulira kwa iwo, m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru, ndipo tsiku loanika ufa ntchito yanga inali yokoka mphasa uku ndi uku kulondola kadzuwa. Kum'mawa kwa bwalo lathu kunali mpanda wa nkhadze wa a Jailosi, bambo wokalamba wokonza njinga, ndipo nkhadzezo zinatalika mpaka kupitirira denga lathu. Dzuwa linkafika pabwalo anzathu atatembenuza kale ufa wawo kawiri. Ngakhale msewu wa ku Kabudula, umene agogo ankakonda kuonerapo odutsa, unabisika.

M'mawa uliwonse agogo ankaima m'mbali mwa mpandawo n'kukuwa kuti, "A Jailosi! Kodi dzuwali ndi la kubanja kwanu?" Kuseri kunkangomveka nyundo, go go go, kenako mawu ofatsa: "Mwadzuka bwanji, a Nachisale?" Basi. Agogo ankabwerera akutukwana, ndipo mkwiyo wotsalawo unkagwera malemu amuna awo, a Nasoni, amene ine sindinawaone. "Waulesi uja akanakhalako mwamuna, bwenzi izi kulibe. Zaka zonsezi pamudzi pano osasiya ngakhale mtengo wa papaya!"

Tsiku lina, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinatopa nako kukoka mphasa. Ndinatenga chikwanje n'kutema nthambi imodzi, ndipo utomoni woyera uja unandidonthera m'diso lakumanzere. Mayo ine! Zinali ngati andithira tsabola. Mayi wina woyamwitsa anathamanga kudzandikamira mkaka wa m'mawere m'disomo, komabe linatupa masiku atatu. Agogo anapita kwa amfumu, amene anangoti tigwirizane monga anansi. Agogo sanakhutire, anakatenga chisamani kukhoti.

Pa tsiku la mlandu ananditenga kuti akuluakulu akaone diso. Woweruza anali mayi wovala magalasi, ndipo atamva madandaulo athu anafunsa a Jailosi chifukwa chimene ankakanira kudula. A Jailosi anapotokola chipewa chawo m'manja.

"Bwana, sindingadule chinthu chimene si changa. Nkhadzezi anabzala ndi malemu a Nasoni, amuna awo a mayiwa."

"Bodza!" anakuwa agogo, mpaka wapolisi anawakhazika pansi.

A Jailosi anafotokoza pang'onopang'ono. A Nasoni anali mkamwini wochokera ku Kasiya, ndipo alongo awo a agogo anawaletsa kubzala mtengo uliwonse pamalo athu, ati mkamwini akabzala mtengo amayamba kudziona ngati mwini mudzi. Koma iwo zinkawawawa kuona mbuzi ndi fumbi zikuwononga ufa wa akazi awo. Ndiye anapempha kamzere kumbali ya a Jailosi, n'kuzika nthambizo agogo ali kuchipatala kodikirira mwana. "Anati ndisauze munthu, anthu aziti ndi zanga. Atadwala anandiitana nati, 'Achimwene, mundisungire.' Nanga ine ndikanatani?"

Woweruza analamula kuti nkhadze zidulidwe kulekeza m'mapewa a munthu. Tinawina mlandu, eti? Ine ndinkadumpha m'njira, koma agogo anangoyenda ulendo wonse osagulanso nzimbe imene anandilonjeza.

M'mawa mwake a Jailosi anabwera ndi makwerero ndi chikwanje, atamanga nsalu kumaso. Asanateme n'komwe, agogo anatuluka m'nyumba chitenje chili m'manja.

"Tsikani! Wakutumani ndani?"

"Akhoti, mayi."

"Akhotiwo ndi amene anabzala?"

A Jailosi anatsika, n'kunyamula makwerero awo. Ine mutu unaima. Ndinafunsa kuti, "Agogo, nanga ufa? Nanga diso langali?" Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Pinda mphasa, mwana iwe."

Kuyambira tsiku limenelo tinkakaanika ufa pathanthwe la kudambo, mtunda wautali dengu lili pamutu, ine ndikung'ung'udza m'mbuyo mwawo. Ndinkaganiza kuti tsopano ayamba kuwatchula bwino amuna awo. Ayi ndithu. Ankangoti, "Munthu wanji wobzala mitengo pamalo a eni ake? Chitsiru cha munthu." Koma mbuzi ikangoyandikira nkhadzezo ankaigenda ndi chilichonse chimene chinali pafupi, ndipo m'mawa ankakhala mumthunzi uja umene anakasumira kukhoti, akusenda mtedza, mpaka chaka chimene anatisiya.

Ndakalamba nazo osamvetsa. Kodi anawakhululukira a Nasoni, kapena ankawakwiyira koposa chifukwa chowabisira? Nanga ine, amene ndinapweteka, mlandu wanga unathera pati?

Chaka chatha msuweni wanga anandiimbira foni kuti akufuna kuzula nkhadzezo amangepo golosale, ndipo adzukulu a a Jailosi avomera. Ndinadzimva ndikukuwa ndi mawu enieni a agogo: "Wakutuma ndani?"

"Koma achemwali, si zomwe zinakupwetekani diso?"

Diso lomwelo, limene limatulukabe misozi kukachita mphepo, linayamba kutuluka misozi m'nyumba mopanda mphepo. Ndinangoti, "Zisiyeni. Si zathu."