A Umar ndi nsomba za mwera

A Umar anayamba kubweretsa nsomba pa Sharpevale ine ndisanabadwe. Kale ankapalasa njinga mpaka kunyanja ku Malembo, dengu kumbuyo. Pano ali ndi yamoto. Ali mnyamata anali msodzi, koma anasiya chaka chimene mwera unamiza mkulu wawo. Chiyambire pamenepo nyanja amangoipisa dzanja, salowamo. Ine ndinali ndisanayankhule nawo kupyola moni.

Mu Juni chaka chatha mwera unawomba masiku anayi osapuma. Lachisanu a Umar anabwera ndi nsomba zimene sitinazionepo, zikuluzikulu, maso ali tong'o. Ndinagula imodzi n'kumudyetsa Alinafe, mwana wanga wa zaka ziwiri. Ndikutsuka mbale, mlamu wanga Ida anafika ali wefuwefu.

"Mwam'patsa mwana? Mayo ine! Kunyanja nsomba zikungoyandama zokha. Akuti wina wathiramo mankhwala!"

Ndinabereka mwana osam'pukuta n'komwe kukamwa, ulendo wa kumsika. Ndinapeza anthu atawazungulira a Umar, a Gibson osoka nsapato ali pakalapakala: "Achimwene, mwatibweretsera maliro m'dengu!"

Sindikudziwa kumene ndinatenga mawu. "Bambo, mwana wanga wadya. Ndiuzeni zoona."

Anandiyang'ana ineyo, osati gululo. Anakoka beseni la madzi, kuwazamo gaga pang'ono, n'kuuzira. Gaga yense anathawira mbali ina.

"Mwaona, make Alinafe? Mwera umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto. Nanga malo awo atsala opanda kanthu? Amakwera ndi apansi penipeni, ozizira, opanda mpweya. Nsomba zimabanika. Lero ndapisa dzanja, zala zinachita kuuma. Zaka makumi atatu, kuzizira kotere sindinakuonepo. Izi ndatenga zikuphupha, zamoyo. Zakufa kale ndazisiya pamchenga."

Sindinamvetse. Madzi opanda mpweya? Nsomba kumira m'madzi?

"Nyanja yonse ija mukuiyesa beseni?" anatero a Gibson.

"Inu mumadziwa pansi pa nsapato. Pansi pa nyanja tisiyireni."

Anthu anaseka, ine ayi. A Umar anaona. Anasankha nsomba yaikulu kuposa zonse, kukaotcha pa mbaula ya mayi wina wootcha chimanga, n'kukhala pansi kumadya pamaso pa tonse, mpaka mutu.

"Khalani apa, mayi. Mwana akadwala, tidwala awiri. Njinga ili apo, chipatala ndi icho."

Ndinakhala. Tsiku limenelo palibenso amene anagula, ndipo iwo sanaitanire. Alinafe anagona pamiyendo panga, ine n'kumangoika chala pamphuno pake. Ida anapita, kubwera, kupitanso.

Cha m'ma folo mwana anadzuka, kutikita m'maso, n'kuloza mbale ya a Umar pomwe panatsala kamchira.

"Ndiwo," anatero.

A Umar anangondisendezera mbaleyo. Ndinachotsa minga n'kumunyemera.